Chifukwa chiyani mlambe sukwera phiri la Dedza?

Mu 2022 njovu 263 zinabayidwa jakisoni wogonetsa ku Liwonde, kukwezedwa pa malole n'kukatsitsidwa ku Kasungu. Mu Disembala 2017 boma linalengeza kuti maboma 20 ali pangozi chifukwa cha mbozi zimene ngakhale agogo athu anali asanazionepo, ngakhale kuti tinangozipatsa dzina lakale la ntchemberezandonda. Alimi a nsomba amadandaula kuti sawalola kuweta nsomba zokula msanga zimene anzawo a ku Zambia akuweta. Ndipo dzinja lililonse alangizi a zankhalango amatikumbutsa kuti tisamangodzala bulugamu yekhayekha. Nkhani zinayizi zimamveka ngati zosiyana, koma pansi pake pali funso limodzi: n'chiyani chimachititsa kuti chamoyo chipezeke apa, osati apo?

Pali nthambi ya sayansi imene ntchito yake ndi funso lomweli, ndipo pa Chingerezi amaitcha biogeography. Dzinalo lisakuopseni. Amene anatsetserekapo pa Khwekhwerere maso ali pawindo anaphunzira kale gawo lalikulu la maphunzirowa.

Mtsetse wa Khwekhwerere

Nyamukani pa Dedza mwezi wa Juni, cha m'ma 6 koloko m'mawa. Nkhungu yaphimba phiri, amayi a kachewere afunda zitenje ziwiriziwiri, kondakitala akuitanira manja ali m'khwapa. Mukakhota pa Masasa msewu umayamba kupindikapindika, makutu n'kutseka. Pakatikati pa mtsetse munthu woyamba amavula jekete. Pofika pa Golomoti aliyense akupempha kuti mawindo atsegulidwe. Kunja nako kwasintha. Paini ndi mapichesi zatsala kumtunda, masuku ndi mombo zakuperekezani mpaka pakati, nsungwi zadzaza m'makwawa, kenako milambe yayamba kuoneka m'minda, itaima ngati mafumu pabwalo la milandu.

Ndili mwana ndinawafunsapo agogo anga aakazi kuti, "Agogo, bwanji osangodzala mlambe pakhomo pano, tileke kugula malambe?" Iwo osatukula n'komwe mutu pa lichero anati, "Iwe, mlambe ndi wa kunyanja, kuno ungafe ndi chisanu. Iweyonso ukakhale ku Mtakataka mwezi umodzi, uone ngati subwerako ndi malungo." Ine ndinafunsa za mtengo, iwo anawonjezapo za udzudzu, ndipo zonse ziwiri ananena zoona.

Tawuni ya Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo nsonga ya phiri ili pafupifupi pa 2,200. Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 475, ndipo Golomoti ndi Mtakataka zangoiposa pang'ono. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 aliwonse amene munthu wakwera. Choncho ulendo wosakwana maola awiri umakuchotsani m'nyengo ina n'kukuikani m'nyengo ina. Chamoyo chilichonse chili ndi malire a kutentha, mvula ndi dothi amene chingapirire. Mlambe umasunga madzi m'thunthu, chilala suchiopa, koma mbande yake sipirira chisanu. Tizilombo ta malungo timafuna kutentha kuti tikhwime m'mimba mwa udzudzu, ndipo kukazizira udzudzuwo umafa tisanakhwime. Kashembe, ntchentche yopatsa ng'ombe matenda, nayenso ndi wa kotentha, ndiye si mwangozi kuti kalelo makola ankachuluka kumtunda kusiyana ndi m'zigwa zankhalango.

Mmodzi mwa amene anayamba kulemba zimenezi mwadongosolo ndi Alexander von Humboldt wa ku Germany. Mu 1802 anakwera phiri la Chimborazo ku Ecuador akuyeza kutentha ndi kulemba zomera zimene ankakumana nazo, kenako anajambula phirilo ngati nyumba yosanjikizana, nsanjika iliyonse ndi alendi ake. Mapiri amenewo, a Andes, ndi kwawo kwa kachewere. Akamachita bwino ku Bembeke, Lizulu ndi Tsangano ndiye kuti wapeza kofanana ndi kwawo.

Koma nyengo yokha sifotokoza zonse. Paini wambiri wa m'mapiri athu ndi wa mtundu wochokera ku Mexico. Phiri la Dedza linali lomuyenera kuyambira kalekale, koma sanamerepo mpaka anthu atamunyamula. Malo kukhala abwino ndi nkhani ina, kufikako ndi nkhani inanso.

Zotchinga ndi milatho

Mu 1856 Mngelezi wina wotola mbalame ndi tizilombo, Alfred Russel Wallace, anawoloka kuchokera pa chilumba cha Bali kupita cha Lombok ku Indonesia, mtunda wa makilomita 35 okha. Nyengo ndi imodzimodzi, mapiri ofanana. Koma mbalame zambiri za ku Bali, monga agogomole, zinali za mitundu ya ku Asia, pamene ku Lombok anapeza za mitundu ya ku Australia. Chifukwa chake chinadzamveka bwino pambuyo pake. Pa nthawi zimene dziko linkazizira kwambiri, madzi ochuluka ankaundana ndipo nyanja zinkatsika ndi mamita pafupifupi 120. Bali ankalumikizana ndi Asia, nyama n'kumangoyenda pansi. Koma pakati pa Bali ndi Lombok ndi pakuya kwambiri, sipanaumepo. Malire amenewo mpaka lero amatchedwa mzere wa Wallace.

Ifenso tili nawo mzere wathu. Pakati pa Matope ndi Chikwawa mtsinje wa Shire umatsika ndi mamita pafupifupi 400 kudzera m'mathithi, omaliza ake ndi a Kapichira. Mathithi amenewa, amene anaimitsa sitima ya David Livingstone mu 1859, amaimitsanso nsomba. Za kumunsi kwa Shire ndi za banja la Zambezi, monga ija ya mano osongoka imene alendo amaitcha tiger fish, ndipo m'nyanja ya Malawi mulibe. Mkunga wokha ndiye wakhama: umaswana ku nyanja yamchere, koma ana ake amakwawa pa miyala yonyowa mpaka kufika m'nyanja yathu.

Chotchinga cha wina ndi msewu wa mnzake. Kakowa, yemwe uja amatsata ng'ombe m'madambo a Bwanje, anawoloka yekha nyanja ya Atlantic. Anaonedwa koyamba ku South America m'zaka za m'ma 1870, ndipo lero wadzaza mpaka ku United States. Mlambe nawo ndi woyendayenda. Padziko pali mitundu isanu ndi itatu ya milambe: isanu ndi umodzi ku Madagascar, umodzi kuno ku Africa, umodzi ku Australia. Kafukufuku wa DNA (zizindikiro za chibadwa zimene chamoyo chimatengera kwa makolo ake) amene anatuluka mu 2024 anasonyeza kuti banjali linayambira ku Madagascar zaka mamiliyoni ambiri zapitazo, ndipo ochita kafukufukuwo akuganiza kuti malambe anayandama panyanja n'kukamera kutsidya. Aliyense amene anaponyapo dambe m'madzi akudziwa kuti silimira.

Ndiye palinso chodabwitsa chachikulu, chakuti nthaka yomwe imayenda. Alfred Wegener atanena mu 1912 kuti makontinenti anali amodzi kenako anang'ambika, anzake anamuseka. Umboni unadzakwanira m'ma 1960, iye atamwalira kale. Makontinenti amasuntha masentimita ochepa pachaka, ngati mmene chikhadabo chimakulira, koma pa zaka mamiliyoni mtunda wake ndi waukulu. Africa ndi South America zinasiyana zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Australia anakhala payekha nthawi yaitali, n'chifukwa chake kuli nyama zoberekera ana m'thumba la pamimba monga kangaroo.

Izi si za kutali ayi. Mtsetse wa Khwekhwerere ndi m'mphepete mwa chigwa chachikulu chimene chikung'amba Africa pang'onopang'ono. M'munsi mwa mapiriwo, kuchokera cha ku Bilira ku Ntcheu mpaka kupitirira Mtakataka, muli mng'alu wa nthaka wautali makilomita oposa 100, umene akatswiri a zivomezi amaudziwa bwino. Mbali imodzi inatitimira n'kukhala chigwa ndi nyanja, ina inatsala m'mwamba n'kukhala Dedza. Chivomezi cha ku Salima cha mu 1989 ndi za ku Karonga za mu 2009 zikutikumbutsa kuti ntchitoyo sinathe. Chisanu cha pa Dedza ndi thukuta la pa Golomoti kholo lake ndi mng'alu umodzi.

Chisinthiko, ndi nsomba zimene siziwoloka mchenga

Ambiri tikamva mawu akuti chisinthiko timakumbukira mkangano wa ku sekondale wa nyani ndi munthu. Umenewo ndi wa tsiku lina, ndipo pa za chiyambi cha moyo aliyense ali ndi chikhulupiriro chake. Pano tikambe zimene zinachitika ife tikuona.

Amene anakula m'ma 1980 akukumbukira kuwawa kwa kolokwini ndi kuyabwa kwake. Anali mankhwala amphamvu, kenako anayamba kulephera. Si kuti tizilombo ta malungo tinachenjera. Pakati pa timabiliyoni ta tizilomboto panali tochepa tobadwa mosiyana pang'ono, timene mankhwalawo sankatipha. Tinzake titafa, totsalato tinaswana mpaka kudzaza dziko. Mu 1993 Malawi anakhala dziko loyamba mu Africa kusiya kolokwini n'kuyamba Fansidar, ndipo mu 2007 tinasamukira ku LA. Chochititsa chidwi n'chakuti patatha zaka khumi ndi ziwiri kolokwini atachotsedwa, kafukufuku wa ku Blantyre anapeza kuti akuchizanso pafupifupi ana onse amene anawayesa. Mankhwala atachoka, tizilombo tolimba tija tinalibenso mwayi woposa tinzake, ndipo tinachepa. (Izi sizikutanthauza kuti mukagule kolokwini. Akangobwerera, tolimbato tibwereranso.)

Mfundo yake ndi yomweyo imene Charles Darwin ndi Wallace uja anaifotokoza ku London mu 1858: ana a kholo limodzi safanana ndendende, ena amagwirizana bwino ndi malo amene alimo, amenewo ndiwo amasiya ana ambiri, ndipo mibadwo ikachuluka mtundu umasintha. Gulu limodzi likagawika pawiri ndi chotchinga, mbali iliyonse imasintha payokha mpaka kufika posakwatirananso. Zili ngati zilankhulo. Mchewa amati munthu, Mswahili amati mtu, Mzulu amati umuntu. Muzu ndi umodzi, koma makolo atabalalika kalankhulidwe kanapatukana mpaka lero timafuna womasulira.

Padziko lonse palibe nyanja imene izi zinachitika modabwitsa ngati yathu. Akatswiri amati muli mitundu ya nsomba pakati pa 700 ndi 1,000, kuposa nyanja ina iliyonse, ndipo yambiri ndi ya banja limodzi la chambo, utaka ndi mbuna. Pafupifupi yonse ya banjali sipezeka kwina kulikonse. DNA ikusonyeza kuti yochuluka inachokera kwa makolo ochepa, m'zaka pafupifupi miliyoni imodzi, zimene kwa akatswiri a zimenezi ndi dzulodzuloli. Pali zopala ndere pamiyala, zophwanya nkhono, zobudula mamba a zinzake. Pali ina yotchedwa kalingono imene imagona chammbali pamchenga ngati yafa, tinsomba tikabwera kudzaidya iyo n'kutimeza.

Zinatheka bwanji? Mbuna zimakhala pamiyala ndipo siziwoloka mchenga wautali kapena madzi akuya, chifukwa kumeneko ncheni ndi kampango zikuzidikira. Yaikazi imasunga mazira ndi ana m'kamwa n'kudzawalavulira pamiyala yomweyo, ndiye ana samwazika. Posankha mwamuna imayang'ana mtundu wa khungu. Choncho mulu uliwonse wa miyala uli ngati mudzi wotsekeka. Zilumba za Maleri ndi Mbenji ku Salima zili ndi mbuna zakezake, zosiyana ndi za ku Likoma. Nyanjayo payokha yakhala ikusuntha malire. Mu 2005 akatswiri anaboola pansi pake n'kutulutsa matope a zaka zikwi mazanamazana, ndipo anapeza kuti zaka pafupifupi 100,000 zapitazo kunagwa zilala zimene zinatsitsa madzi ndi mamita oposa 500. Nyanja imene lero ndi yakuya mamita 700 inatsala kathamanda. Madzi akatsika midzi ya nsomba inkasakanikirana, akakwera inkapatukananso. Chuma chimenechi ndi chimene chinachititsa UNESCO kuika Lake Malawi National Park pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984.

Zilumba zopanda madzi

Kwa chamoyo chofuna kozizira, nsonga ya phiri ndi chilumba, ndipo chigwa chotentha ndicho nyanja yake. Mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, mwachilengedwe umamera pa phiri limodzi lokha padziko lonse. Odula matabwa ndi moto zitauthera, kalembera wa mu 2017 anapeza mitengo yaikulu isanu ndi iwiri yokha. Ku Nsanje, m'mapiri a Malawi Hills, kuli kananzikambe kakang'ono ngati chala kamene kanalembedwa koyamba mu 1992. Anthu ankaganiza kuti kanatha, mpaka kanapezekanso mu 2016 m'timagawo ta nkhalango totsala. Kwa kanyama kotere munda wa chimanga wa maekala awiri ndi nyanja yosawolokeka.

Mu 1967 akatswiri awiri a ku America, Robert MacArthur ndi Edward O. Wilson, anafotokoza lamulo la zilumba. Chilumba chachikulu chimasunga mitundu yambiri kuposa chaching'ono, ndipo chapafupi ndi mtunda chimalandira alendo ambiri kuposa chakutali. Pachilumba chaching'ono mtundu uliwonse umakhala ndi chiwerengero chochepa, ndiye moto umodzi kapena chaka chimodzi choipa chikhoza kuumaliza, ndipo ngati kwina kuli kutali palibe wodzalowa m'malo. Mwachidule amati malo akachepa n'kutsala gawo limodzi mwa magawo khumi, pafupifupi theka la mitundu limatha, ngakhale kuti silitha tsiku limodzi.

Kuti muone zilumba zotere simufunika bwato. Imani pamalo okwera pakati pa Linthipe ndi Chimbiya mwezi wa Okutobala, minda itasosedwa. Dziko lonse ndi lofiira, koma apa ndi apo pali kadontho kobiriwira. Amenewo ndi manda. Mitengo imene agogo a agogo athu ankaiona paliponse yatsala mmenemo, chifukwa nkhwangwa siilowa kumanda popanda chilolezo cha mfumu, ndipo kwina ndi kudambwe komwe wosavinidwa sayandikira. Mwambo unateteza zimene lamulo la boma linalephera. Muli mbalame, agologolo, mileme ndi mankhwala amene sing'anga sangawapezenso kwina. Koma lamulo la zilumba silisiya malo chifukwa ndi opatulika. Manda a ekala imodzi angasunge mitengo ndi mbalame, sangasunge gwape kapena nyalugwe, ndipo mtengo waukulu ukagwa mmenemo mbewu yolowa m'malo iyenera kuchokera ku manda ena, makilomita angapo kutali.

Palinso zina zimene zimapita mwakachetechete. Nkhalango za mombo, tsamba ndi masuku, zimene zimayala kuchokera ku Angola mpaka ku Tanzania ndi Mozambique, zimamera pa dothi losauka chifukwa mizu yake imagwirizana ndi bowa. Bowa amasakira mtengo chakudya m'dothi, mtengo n'kumugawira shuga. Manyame ndi ndelema zimene amayi amayala m'mbali mwa msewu mu Januwale ndi zipatso za ubale umenewu. Mtengo ukapita ku uvuni wa makala bowayo amapita nawo, mphalabungu nazo chimodzimodzi. Thumba la makala limagulitsidwa kamodzi, ndiwo zija zinkabwera chaka ndi chaka.

Dzanja la munthu

M'mapanga a ku Chongoni, ku Chencherere, Namzeze ndi Mphunzi, muli zojambula pamiyala m'malo 127, zimene UNESCO inazizindikira mu 2006. Zofiira ndi za Akafula, zoyera ndi za Achewa, zokhudza chinamwali ndi nyau. Pabwalo la gule njovu ndi mkango zimatulukabe mpaka lero, koma mwana wa pa Linthipe amene waonapo mkango weniweni ndi amene sukulu yake inapita ku Liwonde kapena ku Majete. Malonda a minyanga a m'ma 1800 anachepetsa njovu. Mliri wa ng'ombe umene unalowera ku Eritrea mu 1887 unasesa Africa m'ma 1890, kupha ng'ombe ndi njati zomwe. Chotsiriza chinali khasu. Kalembera wa mu 1966 anapeza Amalawi pafupifupi 4 miliyoni, wa mu 2018 anapeza 17.5 miliyoni, ndipo boma la Dedza lokha linali ndi anthu oposa 800,000. Njovu za kuno zatsala m'nkhalango za Dedza-Salima ndi Thuma, ndipo mbali zina zatchingidwa ndi waya wamagetsi. Afisi okha ndiwo anaphunzira kukhala pafupi nafe, ndipo a ku Ntcheu ndi Dedza safuna kuuzidwa zimenezo.

Munthu amachotsa, komanso amabweretsa, ndipo apa ndi pamene nkhani ya mbadwa ndi mlendo imavuta. Chimanga chinayamba kulimidwa ku Mexico zaka pafupifupi 9,000 zapitazo ndipo chinafika ku Africa pambuyo pa chaka cha 1500. Makolo athu akale ankadya nsima ya mapira ndi mawere. Chinangwa, mtedza, matimati a pa Lizulu ndi fodya zonse ndi za ku America. Mango ndi malaina ndi za ku Asia, bulugamu ndi wa ku Australia. Mutachotsa alendo pa msika wa Tsangano, mabenchi ambiri angatsale opanda kanthu. Paja amati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa.

Kalumo komweko nthawi zina kamacheka mwininyumba. Zamoyo zambiri zobwera zimangofa, zina zimakhala mwaulemu pamene zaikidwa, koma zochepa zimalusa. Chifukwa chimodzi n'chakuti zimasiya adani awo kwawo, ngati mnyamata wosamva amene wapita kutawuni kopanda amalume ake. Namasupuni kwawo ku Amazon ali ndi tizilombo tomudya. Mu Shire anapeza mtendere, mpaka kumatseka makina a magetsi ku Nkula. Kodikodi, tizilombo toyera ta chinangwa, tinachokera ku South America ndipo m'ma 1980 tinagwetsa njala ku Nkhata Bay. Chimene chinatigonjetsa si mankhwala opopera. Akatswiri anapita kwawo kwa tizilomboto, n'kukatenga kamavu kakang'ono kamene kamaikira mazira m'thupi mwake, n'kukamwaza mu Africa. Anakaitana amalume. Mbozi zatsopano zija nazo ndi za ku America. Zinaonedwa koyamba ku West Africa kumayambiriro kwa 2016, ndipo pasanathe zaka ziwiri zinali m'minda ya pafupifupi mayiko onse a kum'mwera kwa Sahara. Gulugufe wake amauluka makilomita ambirimbiri usiku umodzi, ndipo anapeza chakudya chakwawo, chimanga, chitayalidwa kale kuchokera ku Nigeria mpaka ku Ntcheu.

Zimene sizinagamulidwe

Tibwerere ku nsomba zokula msanga. Amene amaletsa amaloza ku nyanja ya Victoria, kumene nsomba yaikulu yotchedwa Nile perch inaponyedwa m'ma 1950. Pofika m'ma 1980 inali itachuluka, ndipo akatswiri amati mitundu pafupifupi 200 ya abale a mbuna inasowa. Amaopanso kuti chambo cha ku Nile, chimene ndicho nsomba yokula msanga ija, chikathawa m'damu nthawi ya madzi osefukira, chikhoza kukwatirana ndi chathu, ndipo zimenezo sizibwezeka. Amene amafuna amayankha kuti Nile perch yemweyo anabweretsa mafakitale ndi ndalama zakunja ku Uganda, Kenya ndi Tanzania, kuti chambo chathu chachepa kale ndi usodzi, ndipo kuti mwana wopinimbira sadya mitundu 800 ya nsomba zokongola. Ofufuza anapezanso kale chambo cha ku Nile m'madera a ku Tanzania amene madzi ake amatsikira m'nyanja yathu. Kodi lamulo la dziko limodzi lingateteze nyanja ya mayiko atatu?

Za njovu nazo zili pawiri. Osamalira nyama amati Liwonde inadzaza, pamene Kasungu, imene m'ma 1970 inali ndi njovu zoposa 1,000, inatsala ndi pafupifupi 50 mu 2015, ndiye kuzisamutsa ndi kubwezeretsa zimene zinalipo. Anthu a m'malire a nkhalangoyo, kuno ndi ku Zambia, amawerenga minda yodyedwa ndi maliro a abale awo. Kale njovu zinkasamuka zokha m'njira zawo. Lero njirazo ndi midzi, ndiye lole yalowa m'malo mwa mkwaso. Funso limene palibe amene waliyankha mokhutiritsa onse ndi lakuti tikamati kubwezeretsa, tikubwerera ku chaka chiti. Cha 1970? Cha Akafula? Mikango imene inatsitsidwa ku Majete mu 2012 inachokera ku South Africa. Ndi mbadwa kapena alendo?

Bulugamu amamwa madzi ambiri ndipo pansi pake sipamera zambiri, zimenezo alangizi sanama. Koma amapereka milimo ndi nkhuni m'zaka zochepa, pamene mlombwa woudzala lero adzaucheka ndi adzukulu. Ena amati munda wa bulugamu umapulumutsa nkhalango yachilengedwe ku nkhwangwa, ena amati umangoilanda malo ndi kuumitsa madambo. Zikuoneka kuti yankho limadalira pamene wadzalidwa, koma amene angalembe malire ake, mwinimunda, mfumu kapena boma, sanagwirizanebe.

Pa nsomba za m'nyanja akatswiri akukanganabe ngati mitundu yatsopano imafuna chotchinga nthawi zonse, kapena ngati kusankha kwa zazikazi ndi kusiyana kwa zakudya kungagawe gulu limene likukhala pamwala umodzi. Sagwirizananso kuti mtundu umathera pati, n'chifukwa chake wina amati 700 wina 1,000.

Ndiye pali kutentha kwa dziko. Dziko latentha kale ndi digiri yoposa imodzi poyerekeza ndi m'ma 1800. Pa masamu athu aja, digiri imodzi ndi ngati kutsitsa mudzi ndi mamita oposa 150 pa mtsetse. Ku Ethiopia ndi ku Colombia ofufuza anaona kuti chaka chikatentha malungo amakwera m'mapiri. Kachewere akhoza kusunthira kumtunda, koma zomera za pansonga pa Dedza ndi Chongoni zilibe kokwera. Udzudzu umaswana m'masabata, ndiye ukhoza kufika msanga. Mlambe umatenga zaka zambiri usanabereke, maluwa ake amadalira mileme, ndipo nthanga zake kale zinkayenda m'mimba mwa njovu ndi anyani. Njovu pa Khwekhwerere palibenso. Otsala onyamula malambe kukwera nawo mtsetse ndi ana a sukulu ndi amayi a mafilizesi, amene amataya nthanga kuseri kwa nyumba pa Dedza chaka chilichonse. Kodi ndi Juni wa chaka chiti amene mbande yoyamba idzapulumuke?